Mole yandizunguza mutu: galamu imodzi yapita kuti?

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndabwerera kusukulu patatha zaka 11 chisiyireni. Cholinga changa n'kudzachita unamwino, ndiye Chemistry sindingaithawe. Mitu ina ndimayenda nayo bwino, koma chifikireni pa mole zonse zasokonekera. Mafomula ndinaloweza, timakona atatu tija tokumbutsa pogawa ndi pochulukitsa nditha kutijambula ngakhale nditatsinzina, koma funso likabwera m'mawu ndimangoti kakasi, osadziwa kuti nditenge fomula iti. Sabata yatha anatipatsa 2H₂ + O₂ → 2H₂O. Ine ndinamva kuti magalamu 2 a haidirojeni ndi galamu imodzi ya okosijeni zimapanga magalamu 2 a madzi. Nditawonkhetsa ndinaona kuti galamu imodzi yasowa, ndipo mpaka lero sindikudziwa kumene yalowera. Kodi ndi mutu wanga wakalamba, kapena pali chimene sindinauzidwe?"

Achemwali, mutu wanu sunakalambe, ndipo umboni uli m'kalata yanu yomweyi. Pa zaka zoposa 20 zimene ndaphunzitsa phunziroli, ophunzira ambiri amene amalakwitsa monga mwalakwitsiramu amangolemba yankholo n'kupitirira, osacheuka n'komwe. Inu munaima n'kufunsa kuti galamu ija yapita kuti. Antoine Lavoisier wa ku France, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ankayeza pa sikelo zonse zolowa ndi zonse zotuluka pa reaction, pamene zinthu zikusanduka zinthu zina, osasiya ngakhale mpweya, ndipo ankapeza kuti kulemera sikusintha. Choncho mtima wanu pamene unakana kuti galamu ingangosowa, unkanena zoona. Chimene chinalakwika ndi mmene munawerengera equation, mzere uja wa 2H₂ + O₂ → 2H₂O, ndipo chimenecho tichikonza lero lomwe.

Manambala amene amaima kutsogolo kwa fomula, monga 2 wa pa 2H₂, sanena za kulemera. Amawerenga tizinthu, pano mamolekyu, omwe ndi timagulu ta maatomu ogwirana. Equation yanu ikuti mamolekyu awiri a haidirojeni akakumana ndi molekyu imodzi ya okosijeni, pamatuluka mamolekyu awiri a madzi. Tawerengani maatomu okhaokha muone. Kumanzere kuli maatomu anayi a haidirojeni ndi awiri a okosijeni. Kumanja, molekyu iliyonse ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni, ndiye mamolekyu awiri ali ndi anayi ndi awiri. Palibe atomu yatayika. Mamolekyu atatu asanduka awiri chifukwa maatomu ataya amene anagwirana nawo poyamba n'kugwirana ndi ena. Mukatenga matayala awiri ndi fulemu imodzi n'kumanga njinga, zinthu zitatu zasanduka chimodzi, koma palibe amene amafufuza pansi kuti zina zagwera pati.

Tsono vuto limene linachititsa kuti pakhale mole ndi ili. Maatomu amaphatikizana mowerengana, awiri a uku, imodzi ya uko, koma ife sitingawawerenge. Ndi aang'ono moti m'kadontho kamodzi ka madzi muli mamolekyu oposa 1,000,000,000,000,000,000,000. Chida chimene tili nacho mu labotale ndi sikelo, ndipo sikelo imadziwa magalamu okha. Equation imalankhula za chiwerengero, sikelo imalankhula za kulemera, ndiye pafunika womasulira pakati pawo.

Ganizirani za fakitale yopanga misomali. Akafuna kulongedza misomali 2,000, palibe amene amakhala pansi kuiwerenga umodziumodzi. Amadziwa kale kuti misomali 100 ya mtundu umenewo imalemera, tinene, magalamu 250, ndiye amangoyeza makilogalamu 5 n'kutseka bokosi. Awerenga, koma awerengera pa sikelo. Akasintha n'kutenga misomali ikuluikulu, 100 yake silemeranso magalamu 250. Chiwerengero ndi chomwecho, kulemera ndiko kwasintha.

Mole ndi dzina la chiwerengero, monga mmene dazeni lilili dzina la 12. Dazeni ya mapensulo ndi mapensulo 12, dazeni ya njerwa ndi njerwa 12, ndipo palibe amene amayembekeza kuti zilemera mofanana. Mole imodzi ya chinthu chilichonse ndi tizinthu 6.02 × 10²³, kutanthauza 602 wotsatiridwa ndi maziro 21. Anthu onse a padziko lapansi, amene aposa 8 biliyoni, atati aliyense aziwerenga molekyu imodzi pa sekondi, usana ndi usiku osapuma, zingawatengere zaka zoposa 2 miliyoni kuti amalize mole imodzi. Chikhalirecho mole imodzi ya madzi ndi magalamu 18 okha, madzi osakwana n'kusamba m'manja komwe.

Pali funso limene ophunzira safunsa kawirikawiri, koma ndi limene limatsegula zonse: bwanji nambala yovuta chonchi, osati ina yosavuta kukumbukira, monga 1 wotsatiridwa ndi maziro 24? Yankho lili pa periodic table, tebulo lija la maelementi onse. Pambali pa chizindikiro cha elementi iliyonse pali nambala yosonyeza kulemera kwa atomu yake poyerekeza ndi anzake: haidirojeni 1, kaboni 12, okosijeni 16, sodium 23, calcium 40. Manambalawa si magalamu. Akungonena kuti atomu imodzi ya kaboni imalemera ngati maatomu 12 a haidirojeni, ya okosijeni ngati 16. Apa tiyende pang'onopang'ono. Ngati atomu imodzi ya kaboni imaposa imodzi ya haidirojeni ka 12, ndiye kuti maatomu 1,000 a kaboni amaposa 1,000 a haidirojeni ka 12. Akhale miliyoni uku miliyoni uko, kusiyana kwake ndi komweko. Tsopano titembenuze. Mukakhala ndi mulu wa kaboni wolemera ka 12 kuposa mulu wa haidirojeni, ndiye kuti milu iwiriyo ili ndi maatomu ochuluka mofanana. Choncho galamu imodzi ya maatomu a haidirojeni, magalamu 12 a kaboni, magalamu 16 a maatomu a okosijeni ndi magalamu 40 a calcium, zonsezi zili ndi chiwerengero chimodzimodzi cha maatomu, ngakhale tisanadziwe kuti chiwerengerocho ndi chiti. Asayansi atachiyeza anapeza kuti ndi 6.02 × 10²³. Chinatuluka chokha, kuchokera pa kukula kwa galamu ndi kuchepa kwa atomu. Phindu lake ndi loti nambala ya pa periodic table mukangoiwerenga mu magalamu, mwapeza kulemera kwa mole imodzi. Kulemera kumeneko ndiko timati molar mass. Ndime iyi muiwerenge kangapo mpaka mutha kuifotokoza buku lili chotseka, chifukwa zina zonse zikutsamira pa iyo.

Nambalayi imatchedwa ndi dzina la Amedeo Avogadro wa ku Turin, ku Italy, ngakhale mwini wakeyo anamwalira mu 1856 asanaidziwe. Chimene iye ananena mu 1811 n'chakuti mipweya yosiyana ikakhala m'malo ofanana kukula, pa kutentha kofanana ndi pressure yofanana, imakhala ndi mamolekyu ochuluka mofanana. Anzake ambiri sanamumvere, mpaka Stanislao Cannizzaro anaidzutsanso mfundoyi pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860. Jean Perrin, amene anaiyeza nambalayi poona mmene tizinthu ting'onoting'ono timagwederera m'madzi, ndiye ananena mu 1909 kuti ipatsidwe dzina la Avogadro. Akatswiri enieni anatha zaka pafupifupi 50 akukangana pa kusiyana kwa atomu ndi molekyu, ndiye masabata ochepa amene inu mwasokonezekawa asakuchititseni manyazi. Chinanso, buku lanu likhoza kunena kuti mole ndi chiwerengero cha maatomu a m'magalamu 12 a carbon-12. Limenelo ndi tanthauzo lakale. Kuyambira pa 20 May 2019 zinakhazikitsidwa kuti mole ndi tizinthu 6.02214076 × 10²³ ndendende. Pa masamu a m'kalasi palibe chasintha. Lembani tanthauzo limene silabasi yanu ikufuna.

Tiyeni tsopano tikaifune galamu yanu ija. Equation ikati mamolekyu 2, 1 ndi 2, ikunenanso ma mole 2, mole imodzi ndi ma mole 2, popeza tangochulukitsa zonse ndi nambala imodzi. Molekyu ya H₂ ili ndi maatomu awiri, ndiye mole yake ndi magalamu 2, ma mole awiri ndi magalamu 4. Mole imodzi ya O₂ ndi 16 kawiri, magalamu 32. Mole ya H₂O ndi 1 + 1 + 16, magalamu 18, ma mole awiri ndi magalamu 36. Wonkhetsani kumanzere: 4 ndi 32 akupanga 36. Kumanjanso 36. Sikelo yagwirizana ndi equation. Kuwonkhetsa kotereku muzikuchita pa equation iliyonse yatsopano, chifukwa kumakuululirani msanga ngati penapake mwaphonya.

Mwina mwaona kuti pena ndikumati "maatomu a okosijeni", pena O₂. Ndikuchitira dala. Mawu oti "mole imodzi ya okosijeni" ndi osakwanira, ali ngati kunena kuti "ndipatseni dazeni" osatchula ya chiyani. Mole ya maatomu a O ndi magalamu 16, mole ya mamolekyu a O₂ ndi magalamu 32. Mamalikisi ambiri amene ndachotsapo ndi cholembera chofiira anathera pamenepa. Haidirojeni, nayitirojeni, okosijeni ndi chlorine, akakhala mpweya paokha, amayenda awiriawiri. Chimodzimodzinso, m'kati mwa mole imodzi ya madzi muli ma mole awiri a maatomu a haidirojeni, monga mmene dazeni ya njinga ilili ndi madazeni awiri a matayala. Ndiye musanakhudze kakyuleta, dzifunseni: mole ya chiyani? Yankho lilembeni pambali pa nambala iliyonse. Osalemba 0.5 yekha, lembani 0.5 mol O₂ (mol ndi chidule cha mole).

Tikambe za timakona atatu tija. Sindidana nato, koma ndaona kuti timamupusitsa munthu kuti wamvetsa pamene wangoloweza. Timakuuzani kuti gawani kapena chulukitsani, koma sititha kukuuzani kuti mwafika pati. Mafunso pafupifupi onse a mutu uno ndi ulendo umodzi womwewo. Amakupatsani chinthu china m'chilankhulo cha labotale, kaya ndi magalamu, kukula kwa malo a mpweya, kapena kuchuluka kwa solution, kutanthauza madzi amene mwasungunuka chinthu china. Inu muchisandutse ma mole. Kenako muwoloke kuchoka pa chimene mwapatsidwa kupita pa chimene akufunsa, ndipo mlatho wake ndi manambala a kutsogolo kwa mafomula mu equation yolinganizidwa bwino. Mukafika tsidya, ma mole aja muwabwezere ku chilankhulo chimene funso likufuna. Pamlathopo pamadutsa ma mole okha, magalamu sawoloka, ndipo inu sabata yatha munayesa kuwolotsa magalamu.

Nachi chitsanzo. Calcium carbonate, CaCO₃, amene ndi mwala wa laimu, mukamuwotcha kwambiri amasweka: CaCO₃ → CaO + CO₂. Magalamu 25 akawotchedwa onse, patuluka magalamu angati a kaboni dayokisaidi? Molar mass ya CaCO₃ ndi 40 + 12 + 48, zomwe ndi 100. Apa musathamangire fomula, dzilankhuleni nokha. Magalamu 100 ndi mole imodzi, ine ndili ndi 25 okha, ndiye ndili ndi kota ya mole, 0.25 mol. Mwagawa 25 ndi 100 popanda chokuuzani. Equation ikuti mole imodzi ya mwala imabala mole imodzi ya CO₂, ndiye tili ndi 0.25 mol CO₂. Mole ya CO₂ ndi 12 + 32, magalamu 44, kota yake ndi magalamu 11. Pofuna kutsimikiza werengeraninso CaO: mole yake ndi magalamu 56, kota yake 14, ndipo 14 ndi 11 akubweza 25 uja tinayamba naye.

Funso lomweli akhoza kulitembenuza n'kufunsa kuti mpweyawo utenga malo aakulu bwanji. Apa ndi pamene mfundo ya Avogadro imagwira ntchito. Mu mpweya mamolekyu amatalikirana kwambiri, moti chimene chimatenga malo ndi mipata ya pakati pawo, osati kukula kwa molekyu. N'chifukwa chake mole ya mpweya uliwonse, wopepuka kapena wolemera, imatenga malo pafupifupi ofanana: 24 dm³ pa kutentha kwa m'chipinda ndi pressure ya masiku onse, kapena 22.4 dm³ pa 0 °C. Dziwani kuti 1 dm³ ndi lita imodzi. Ndiye 0.25 mol CO₂ yathu ija ndi 6 dm³ m'chipinda. Werengani funso muone kuti mwa manambala awiriwa akufuna iti, kawirikawiri amaipereka. Koma chonde, 24 ameneyu ndi wa mipweya yokha. Mole ya madzi akumwa ndi 18 cm³ basi, osati malita 24.

Gawo la ma solution ndikufuna mulimvetse kuposa ena onse, chifukwa cha ntchito imene mukuilakalaka. Concentration imanena kuti mu lita imodzi ya solution mwasungunuka ma mole angati. Botolo likalembedwa 0.10 mol/dm³, ndiye kuti lita yathunthu ili ndi 0.10 mol, ndipo mukatungamo pang'ono mwatenga gawo chabe la 0.10 ameneyo. Msampha uli pa mayuniti. Mu labotale timayeza mu cm³, pamene concentration ili pa dm³, ndipo 1 dm³ ndi 1,000 cm³. Woiwala kugawa ndi 1,000 amapeza yankho lolakwika ka 1,000, ndipo kakyuleta simuchenjeza.

Tinene kuti pa titration, pamene timathira asidi pang'onopang'ono mu solution ina mpaka zithetsane mphamvu, 25.0 cm³ ya sodium hydroxide (NaOH) yathetsedwa mphamvu ndi 20.0 cm³ ya sulfuric acid wa 0.10 mol/dm³, ndipo akufunsa concentration ya sodium hydroxide. Yambani ndi chimene mukuchidziwa zonse ziwiri, kuchuluka kwake ndi concentration yake, chomwe ndi asidi. 20.0 cm³ ndi 0.0200 dm³, mukachulukitsa ndi 0.10 mupeza 0.0020 mol H₂SO₄. Equation ndi H₂SO₄ + 2NaOH → Na₂SO₄ + 2H₂O, kutanthauza kuti mole iliyonse ya asidi imafuna ma mole awiri a NaOH, ndiye 0.0040 mol NaOH. Ma mole amenewa anali mu 0.0250 dm³, choncho mu lita yathunthu mukanakhala 0.0040 kugawa ndi 0.0250, zomwe ndi 0.16 mol/dm³. Pali fomula yachidule imene ambiri amaikonda, C₁V₁ = C₂V₂, pamene C ndi concentration ndipo V ndi kuchuluka kwa solution. Imagwira bwino pothira madzi kuti solution ichepe mphamvu, popeza pamenepo ma mole sasintha. Koma pa funso ili ikanakupatsani 0.08, theka la yankho loona, chifukwa siidziwa za 2 uja wa pa NaOH.

Mukadzafika m'chipatala mudzaipeza mole ikukudikirani. Diripi ya saline ya 0.9% ili ndi magalamu 9 a sodium chloride mu lita imodzi. Molar mass ya NaCl ndi 23 + 35.5, yomwe ndi 58.5, ndipo 9 kugawa ndi 58.5 ndi 0.154 mol. N'chifukwa chake pa thumba lake amalemba 154 mmol ya sodium pa lita. Mmol ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mole. Shuga wa m'magazi makina ena amamuonetsa mu mmol/L, ena mu mg/dL (mamiligalamu pa gawo limodzi mwa magawo 10 a lita), ndipo posintha amachulukitsa ndi 18, moti 5 mmol/L ndi 90 mg/dL. 18 ameneyu wachokera pa molar mass ya glucose, yomwe ndi 180. Kumeneko kuphonya yuniti sikuthera pa pepala, kumagwera pa thupi la wodwala. Chizolowezi cholemba yuniti pa nambala iliyonse chiyambeni panopa, pamene kulakwitsa kukungokudyerani mamalikisi.

Funso lina limene limagwetsa anthu ndi lija amakupatsani kulemera kwa zinthu zonse ziwiri zolowa mu reaction. Akatero akufuna muone chimene chithe poyamba, chimene mabuku amachitcha limiting reagent. Mukakhala ndi matayala 10 ndi mafulemu atatu, njinga ndi zitatu, matayala anayi atsala. Tibwerere ku equation yanu, ulendo uno ndi magalamu 10 a haidirojeni ndi magalamu 32 a okosijeni. Maso amati haidirojeni ndiye wochepa, atha msanga. Koma magalamu 10 a H₂ ndi ma mole 5, pamene magalamu 32 a O₂ ndi mole imodzi yokha, imene ikufuna ma mole awiri okha a H₂. Wotha ndi okosijeni. Madzi atuluka magalamu 36, ndipo ma mole atatu a haidirojeni, magalamu 6, atsala osakhudzidwa. Samalaninso kuti wa ma mole ochepa si nthawi zonse amene amatha. Mukakhala ndi 3 mol H₂ ndi 2 mol O₂, okosijeniyo akufuna 4 mol H₂, ndiye haidirojeni ndi amene aperewere ngakhale ali wochuluka. Woweruza ndi equation.

Za empirical formula, fomula yosonyeza mmene maatomu a m'chinthu achulukirana m'manambala ochepetsetsa, sindichulutsa mawu, chifukwa ndi ulendo womwewo koma wobwerera. Akati chinthu chili ndi 70% ayironi ndi 30% okosijeni, yerekezani kuti muli ndi magalamu 100, ndiye magalamu 70 ndi 30. Sandutsani ma mole: 70 kugawa ndi 56 ndi 1.25, 30 kugawa ndi 16 ndi 1.875. Gawani onse ndi wamng'onoyo, mupeza 1 ndi 1.5. Apa ambiri amakweza 1.5 kukhala 2 n'kulemba FeO₂. Musatero. Chulukitsani onse kawiri, mupeza 2 ndi 3, Fe₂O₃. Mukaona 1.33, chulukitsani katatu.

Palinso tinthu tina timene timagwetsa anthu oti mfundo aimvetsa kale. Mu Ca(OH)₂, 2 wa panjayo akuchulukitsa zonse za m'kati, ndiye ndi 40 + 34, yomwe ndi 74, osati 58. Mu CuSO₄·5H₂O madzi aja alowe m'kuwerengera, ndi magalamu 90 athunthu pa mole. Polinganiza equation musasinthe timanambala ta m'munsi. H₂O mukamusandutsa H₂O₂ mwapanga mankhwala ena, hydrogen peroxide. Pa kakyuleta, 6.02 × 10²³ muziilowetsa ndi batani la EXP, makamaka pogawa, apo ayi makina amagawa ndi 6.02 kenako n'kuchulukitsa ndi 10²³. Manambala musawadule pakati pa njira, dulani pamapeto. Ngati 35.5 wa chlorine amakudabwitsani, n'chifukwa choti pa maatomu ake anayi alionse, pafupifupi atatu amalemera 35 ndipo imodzi 37; nambala ya pa tebulo ndi avereji yake.

Nditakhala inu, timakona atatu tija ndikanatibisa kwa masabata awiri. Muzichita mafunso anayi kapena asanu tsiku lililonse, kusiyana n'kuunjika 40 tsiku limodzi. Musanawerengere, ganizirani kaye: chimene ndapatsidwachi chaposa mole imodzi kapena chachepa? Magalamu 4 a NaOH, amene mole yake ndi magalamu 40, sangakhale ma mole 10, ndipo mukaganizira msanga simungagawe chozondoka. Mukamaliza funso, lifotokozeni mokweza mawu kwa munthu wina, ngakhale mwana wanu. Pamene lilime lakodwa ndi pamene simunamvetse.

Masabata awiriwo akatha zinthu zisanasinthe, musalimbane nazo nokha, ndipo yang'anani bwino pamene mukugwera. Ngati njira mukuiona koma mukuphonya pa madesimo, kugawa, kapena manambala a 10 wokhala ndi kanambala pamwamba, vuto ndi masamu amene achita dzimbiri pa zaka 11 zija, ndipo mphunzitsi wa masamu akhoza kulithetsa m'maphunziro ochepa. Ngati chikukuvutani n'kulemba fomula ya mankhwala kapena kulinganiza equation, bwererani ku mutu wa valency, wonena kuti atomu imagwirana ndi anzake angati, chifukwa equation yolakwika imawononga masamu onse ngakhale mutawachita bwino chotani. Popita kwa aphunzitsi anu musangoti "mole sindikuimva". Tengani pepala limene munalakwitsapo, njira yonse ili poyera. Munthu wozolowera amaona pamene paphonyeka m'mphindi ziwiri. Ngati manambala amakutembenukirani kapena mizere imakudumphani ngakhale pa zinthu zina zosakhudza Chemistry, kayezetseni maso kaye, ndipo akapezeka abwino funsani za akatswiri oona mavuto a kaphunziridwe. Chimodzi chokha ndikuletsani: musayese titration kunyumba ndi asidi wa mu batire kapena caustic soda. Zonse ziwiri zimawotcha khungu ndipo zikhoza kuwononga maso munthu n'kusiya kuona. Zimenezo n'za mu labotale, mutavala magalasi oteteza, aphunzitsi ali pomwepo.

Ndikusiyireni funso limodzi. Magalamu 2.4 a magnesium awotchedwa mpaka onse asanduka phulusa loyera: 2Mg + O₂ → 2MgO. Magnesium ndi 24, okosijeni ndi 16. Pezani kulemera kwa phulusalo. Mukayenda bwino mupeza magalamu 4.0, oposa amene munayamba nawo. Ulendo uno palibe chasowa, m'malo mwake pawonjezeka magalamu 1.6. Mundilembere, mundiuze kumene achokera, komanso kuti ndi ma mole angati a O₂.